Supuni ya Amayi pa Khoma la ku Limbe

Adzukulu anga, Tamanda ndi Limbani, ndi ena nonse amene mudzatsegule kope ili,

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisungira maso mpaka lero, ngakhale kuti ulusi pa singano mumandilowetsera ndinu. Limbani, ukukumbuka tsiku lija unandiperekeza ku Limbe kukatenga magalasi angawa? Titafika pa siteshoni ya sitima ndinaima n'kuyamba kusisita khoma ndi chala. Iwe unandikoka mkono, nkhope ili gwa ndi manyazi, n'kunena kuti, "Agogo, tiyeni, anthu aziti mwazungulira mutu." Sindinakuyankhe, chifukwa pamsewu si pofotokozera nkhani. Ndiye ndapempha kope kwa Tamanda kuti ndikuyankhe bwinobwino. Mukapeza zilembo zopotoka musaseke, sukulu yanga inathera panjira.

Bambo anga, a Muhala, anawoloka Ruo ali mnyamata, kuthawa nkhanza za kwa Apwitikizi. Anafika kuno njanji ikumangidwa kumene, kuchokera kuchigwa kukwera kuno kumtunda. Ankatiuza kuti njanji isanabwere, katundu yense wa azungu ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo azunguwo ankanyamulidwa pa machila. Inu mumadandaula basi ikachedwa pa Bvumbwe. Taganizani kusenza bokosi kuchokera kumtsinje wa Shire mpaka ku Blantyre, mwini bokosi ali gone pa machila kumbuyo kwanu, akufunsa chifukwa chake mukuyenda pang'onopang'ono!

Ntchito yawo yoyamba inali yosenza dothi m'dengu, kuunjika mtumbira umene njanji imagonapo. Kenaka anawaika koumba njerwa, kenaka kopereka matope kwa amisiri. Poti anali munthu wa maso, anaba luso ndi maso omwewo mpaka anagwira mpeni womangira. Atakwatira amayi anapempha malo pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Khonjeni, ndipo ine ndinabadwira pamenepo.

Siteshoni ya Khonjeni inali kanyumba kamodzi ka njerwa zowotcha, denga la malata, zipinda ziwiri basi. Koma kwa ife, amene tinkagona m'nyumba zophoma za udzu, inali nyumba yachifumu. Anaikweza pamwamba poopa chiswe ndi madzi a mvula. Inali ndi khonde lalitali, zenera laling'ono la zitsulo logulitsirapo matikiti, ndi sikelo yaikulu imene ife ana tinkakwerapo mwakuba. Chapatali pang'ono panali thanki ya madzi yoima pa miyendo yachitsulo, pomwe injini inkamwera. Belu lake chinali chidutswa cha njanji chopachika pamtengo. Woyang'anira anali Mmwenye wina amene tonse tinkamutcha a Babu.

Ine ndinali mwana wa mafunso, ngati iwe Tamanda, wosalola munthu kumeza thobwa mwamtendere. Tsiku lina bambo akumanga shedi ya katundu pambali pa siteshoniyo, ndinawapititsira makaka ophika, ndipo ndinawafunsa kuti, "Bwanji khonde la nyumba iyi lafulatira msewu?"

"Nyumba imayang'ana kochokera mlendo," anatero. "Mlendo wa nyumba iyi amabwera pa njanji."

"Nanga njerwa za pamwamba pa khomozo, zakhota ngati uta, sizigwa bwanji? Pansi pake palibe kanthu."

Anaika mpeni pansi, n'kunditcha dzina langa lonse monga ankachitira akakondwa. "Esitere mwana wanga, njerwa iliyonse pamenepo ikufuna kugwa. Koma ikati igwe, inzake yaitsekereza. Imene ili pakatiyo ndiyo imatsekereza zonse. Ukaichotsa, thawa."

Tsopano mumve za supuni. M'nyumba mwathu munali supuni imodzi yokha yachitsulo, imene dona wa ku mishoni anapatsa amayi pa ukwati wawo. Sitinkadyera ayi. Inkatuluka pakabwera mlendo wolemekezeka kapena wina akamamwa mankhwala. Ine, ndi mafunso anga aja, ndinafuna kudziwa ngati mkati mwake munali moyera ngati kunja, ndiye ndinatswanya nsonga ya chogwirira chake ndi mwala. Mkati sindinauone, koma pansongapo panatsala kamphako. Zimene zinandichitikira madzulo amenewo sindilemba, kope lingachite manyazi.

Bambo ndi amene anaipezera ntchito supuni yolumalayo. Mmisiri akamanga mzere wa njerwa, amasalaza matope a pakati pake asanaume kuti mvula isalowe. Ena ankasalaza ndi kamtengo, ena ndi nsonga ya mpeni. Bambo anayamba kusalaza ndi chogwirira cha supuni ija, ndipo chifukwa cha kamphako kaja, mkati mwa ngalande iliyonse munkatsala kamzere kotukuka, ngati mtsempha wa pakati pa tsamba la tiyi. Khoma lonse la shedi ya ku Khonjeni linali ndi kamzere kameneko. Ndikamadikira sitima ndinkayendetsamo chala kuchokera ku ngodya ina mpaka ku inzake, ndili ndi kunyada kuti luso limenelo tinagawana ndi bambo: iwo dzanja, ine mwala.

Amayi okha sankakondwa. "Amuna a anzanga amapita ku ntchito ndi khasu," ankatero, "anga amapita ndi supuni yanga ya ukwati."

Ndanena zodikira sitima. Musaganize kuti tinkapita kwina. Masiku amenewo sitima sinkabwera tsiku lililonse, ndiye tsiku lake linali ngati la msika ndi la tchalitchi pamodzi. Utsi ukangooneka kumunsi, anthu ankasiya mitondo ndi makasu. Amayi ankabwera ndi nthochi, nzimbe ndi kalongonda wophika. Kalongonda ameneyu inu simungamupirire, amafuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi mutu uzungulira zenizeni, Limbani, osati zija unkandinenera ine. Wotaya mbuzi ankafunsira pamenepo. Mnyamata wofuna mbeta ankaonera pamenepo. Ndipo ukafuna munthu sunkavutika kupita kwawo. Unkangokhala pa khonde la siteshoni tsiku la sitima, ndipo iye ankabwera yekha. Gwirani mawu amenewa, chifukwa ndi amene anatipusitsa.

Chaka chimene ndinali pafupi kutha msinkhu, a Babu anauza bambo kuti ku Limbe akukulitsa nyumba za siteshoni ndipo akufuna amisiri. Bambo anapita chilimwe, supuni ili m'thumba. Koma pa esiteti panali lamulo la thangata: mwamuna aliyense wokhala pa malo a mzungu ankayenera kugwira ntchito m'munda wa tiyi miyezi ya dzinja, ndipo wokana ankachotsedwa. Bambo anapangana ndi msuweni wawo, a Likhutu, kuti mvula ikagwa iwo asanabwere, a Likhutu aziyankha dzina lawo ndi kugwira m'malo mwawo.

Mvula inagwa. Tinadzala, chimanga chinamera. Lachitatu lina m'mamawa tinamva, "Odi kuno!" Anali a Makwiti, kapitawo wa esiteti.

"Mayi a Esitere, amuna anu ali kuti?"

"Ali ku Limbe, a Kapitawo, si mukudziwa? Dzina lawo akuyankha ndi a Likhutu."

"A Likhutu ake ati? Amene akutafuna buledi ku Halale panopa? Anathawa sabata yatha, ndi khasu la bwana lomwe."

Amayi anakhala pansi pomwepo, mlongo wanga Yohane ali kumsana.

"Lolemba belu likalira tiitana mayina," anatero a Makwiti. "Amuna anu akapanda kuyankha, denga ili tisasula, munda tipatsa wina. Anthu akuwoloka Ruo tsiku ndi tsiku kufuna malo. Si mawu anga, ndi a bwana." Sanali munthu woipa. Atamwa madzi anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Sitima yokwera ndi Lachisanu, yotsika ndi Loweruka. Pitani mukawatenge nokha, mayi. Uthenga wapakamwa umagona panjira."

Lachisanu tinali pa zenera la matikiti. A Babu anafunsa amayi kuti akawapeza bwanji amuna awo ku Limbe. Amayi anayankha mosakayika konse: "Tikakhala pa khonde. Sitima ikafika abwera kudzaona, atipeza." A Babu anapukusa mutu, anatsegula pakamwa, koma belu linalira ndipo anathamangira mbendera zawo.

Umenewo unali ulendo wanga woyamba. Mu bogi yathu munali mabenchi a matabwa, nkhuku, mitolo ya fodya ndi anthu othinana. Injini inkadya nkhuni, ndipo tizimoto tinkalowa pawindo n'kuboola nsalu ya biriwita ya amayi. Iwo ankapemphera chamumtima maso ali tsinzi. Ine maso anali panja. Pa Luchenza ndinaona siteshoni yokulirapo, ya shedi yaitali yodzaza mabokosi a tiyi, ngolo za ng'ombe zitandandalika kumbuyo kwake. Ndinati mumtima, ndiye kuti siteshoni zimakula ngati anthu: ya kwathu ndi mwana, iyi ndi mayi. Nanga ya ku Limbe ikhala yotani?

Tinafika dzuwa lili pamutu. Ana inu, ndinaiwala kutseka pakamwa. Kwathu njanji inali imodzi ndi kamphukira kake kopatukirapo. Kuno zinali zambirimbiri, zikukumana ndi kusiyana ngati mizu ya kachere. Nyumba yake inali yaitali, khonde lake la mizati yosawerengeka, wotchi yaikulu ili pakhoma. Kumbuyo kunali zinyumba zazitali za malata mmene ankakonzeramo injini, mukumveka nyundo kosalekeza. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi makomo. Kwathu khomo linali limodzi. Kuno linalipo la azungu, la amwenye, la katundu, la makalata. Ife anatilozera kumapeto, pansi pa denga la malata lopanda khoma. Ndinafunsa amayi kuti, "Sitima ndi imodzi, makomo achulukiranji?" Anandipsinya pantchafu.

Amayi anayala nsalu, tinakhala, n'kuyamba kudikira. Anthu otsika sitima anasenza katundu wawo n'kubalalika. Pakhonde panatsala mbee. Palibe amene anabwera kudzaona sitima, ngakhale mwana mmodzi. Mthunzi wa mizati unayamba kutalika.

Panali mayi wina wonenepa akusesa pamenepo. Amayi anamulonjera n'kufunsa kuti, "Pepani amayi, kodi anthu a kuno abwera nthawi yanji kudzaona sitima?"

Mayiyo anatsamira tsache lake n'kuseka mpaka misozi. "Kudzaona sitima? Mwachokera kuti, achemwali? Kuno sitima ili ngati khwangwala. Ndani amasiya ntchito kukaona khwangwala? Mukufuna ndani?"

"Bambo a Esitere."

"Esitereyo ndiye ndani?"

"Ndi uyu."

"Eee, ndamuona. Dzina la amuna anuwo?"

Amayi anazolika. Masiku amenewo mkazi sankatchula dzina la mwamuna wake, ngakhale nyumba ikupsa. Inu a lero mumangoitanana ngati ana a sukulu. Anandigunda ndi chigongono, ndipo ine ndinati, "A Muhala. Ndi amisiri omanga."

Mayiyo anaitana anthu awiri onyamula katundu, koma onse anapukusa mitu. "Kuno kuli a Joni, a Jemusi ndi a Tomu," anatero mmodzi. "Mzungu lilime lake silikhota, amakupatsa dzina limene angathe. Omanga alipo ambiri, ena kuno, ena kuseri kwa mashedi, ena kunyumba za mabwana. Belu loweruka likalira amamwazikana, wina ku Bangwe, wina ku Chigumula. Mawa omanga sagwira ntchito, ndiye mukachedwa simuwaona mpaka Lolemba."

Lolemba! Amayi anayang'ana dzuwa, anayang'ana Yohane, kenaka anagwada pa simenti pomwepo, anthu akuona. Sanafuule. Ndinangomva akuti, "Ambuye, ife ndife alendo, njira sitiidziwa. Inu mukudziwa pamene aima." Atatha anandipatsa chikho n'kuti ndikatunge madzi pa mpope umene mayi wosesa uja anatilozera, chifukwa mwana anali atayamba kulira.

Ndinanyamuka motsata khoma, ndipo monga mwa chizolowezi changa cha ku Khonjeni, chala chinalowa chokha pakati pa njerwa. Ndinkafuna kungomva kuti amisiri a m'tauni amasalaza bwanji. Khoma loyamba linali lakale, matope ake osalala ngati mbale. Ndinakhota pangodya. Apa njerwa zinali zofiira kwambiri, zatsopano. Chala changa chinagwa m'kangalande, ndipo m'kangalandemo munali kamzere.

Ndinaima. Ndinabwereza. Mtsempha wa tsamba la tiyi, womwe uja.

Za madzi ndinaiwala. Ndinatsata kamzereko chala chili momwemo, kudutsa zenera, kudutsa khomo lopaka utoto wobiriwira. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu aukali: "Iwe mtsikana! Uko n'kwa azungu! Ukufuna chiyani?" Anali mlonda wa pa siteshoni, wa kapusi yofiira ndi chibonga m'manja.

Mantha anandigwira, koma chala sindinachotse, kuopa kuti mzere ungandithawe. "Ndikutsata supuni ya amayi, bambo."

"Ukutsata chiyani?"

"Supuni ya amayi. Yadutsa apa."

Anayang'ana khoma, anayang'ana ine. Ndikhulupirira anaganiza zomwe unaganiza iwe, Limbani. Koma naye chidwi chinamugwira, ndipo m'malo mondibweza anayamba kunditsatira. Tinazungulira kuseri kwa nyumbayo, kudutsa milu ya mchenga ndi migolo ya laimu. Kenaka ndinamva chala chikuzizira. Nditachiona chinali ndi matope aawisi. Ndinakweza maso. Pamwamba panga panali nsanja ya mitengo, ndipo pansanjapo panali mapazi awiri amene ndikanawadziwa ngakhale pakati pa mapazi a dziko lonse.

"Bambo!"

Mlonda uja anafuula kuti, "A Joni, mwana wanu uyu? Akuti mwaba supuni!" Amisiri onse anafa nacho chiseko. Bambo okha sanaseke. Anatsika msangamsanga, n'kundigwira mapewa. "Kwagwanji? Ndani wamwalira?"

Ndinathamanga kukaitana amayi, ndipo atabwera anafotokoza zonse ali chogwada chapatali, monga mwa ulemu, koma mawu awo sanagwade. Bambo anapukuta matope m'manja mwawo. Kenaka anatiuza kuti woyang'anira ntchito anawalonjeza kuwalemba mpaka kalekale, ndipo kunkamveka kuti njanji ipitirira kumpoto mpaka kunyanja, kumene kudzafunike siteshoni zatsopano. Akachoka tsopano, malo awo atenga wina m'mawa mwake.

"Ndiye mangani," anatero amayi. "Sitima ikhale ndi makomo asanu, ana anu agone pansi pa mtengo wa tiyi."

Belu loweruka linalira. Amisiri anayamba kutsuka zida. Bambo anayang'ana m'mwamba, pamene panali khomo latsopano, uta wake uli theka, njerwa zitatsamira thabwa lokhota.

"Ndamva, mayi a Esitere. Mawa tikwera limodzi. Koma uta uwu sindiusiya pakamwa pali yasa. Wina adzachotsa thabwa osadziwa, udzagwera mwana wa munthu."

"Anzanu aweruka. Akupatsirani njerwa ndani?"

Amayi anaimirira, anamangitsa Yohane kumsana, n'kutola njerwa. Ine ndinkaviika njerwazo m'madzi, amayi n'kumapereka m'mwamba, bambo n'kumayala, ina kumanzere, ina kumanja, mpaka pakati panatsala mpata wa imodzi. Imeneyo anaisema ndi mpeni, anaiyesa, anaisemanso, n'kuikhomera pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha mpeniwo. Kenaka anatulutsa supuni m'thumba n'kusalaza mizere yonse, osafulumira, ngati munthu amene akusambitsa khanda. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa phiri la Soche. Tinagona kwa mnzawo wina, ndipo Loweruka tinatsika ndi sitima.

Lolemba belu la esiteti litalira, a Makwiti anaitana kuti, "Muhala!" Bambo anayankha kuti, "Ndilipo." Anawapatsa khasu. Denga lathu silinasasulidwe, ndipo chimanga chija tinakolola tokha. Munda umenewo ndi umene unalera ine, n'kulera bambo anu. Ndikayamba kuwerenga zimene Mulungu anatichitira kudzera pa kamphako ka supuni, kope ili silikwana.

Madzulo a Lolemba lomwelo bambo anatsuka supuni ija ndi mchenga mpaka inawala, n'kupita nayo kwa amayi ataigwira ndi manja awiri. "Nayi supuni yanu ya ukwati, mayi a Esitere. Ntchito yake yatha."

Amayi, amene anailira supuniyo zaka zonse zija, anaiyang'ana osaitenga. "Imeneyi ndi supuni? Chogwirira chinaperepeseka ngati tsamba. Mlendo ndingamupatse chimenechi? Sungani, ndi chida chanu." Atatero analowa m'nyumba msanga, ati utsi wawalowa m'maso, chikhalirecho moto unali usanakolezedwe.

Bambo sanamangenso siteshoni. Anamanga kanyumba kathu kopemphereramo, ndi timakola ta njerwa ta anthu angapo. Njanji itafika ku Salima, ndiponso mlatho wa pa Zambezi utatha, iwo ankapitabe pa khonde la Khonjeni tsiku la sitima n'kumafunsa apaulendo kuti, "Siteshoni ya kumeneko njotani? Khonde layang'ana kuti? Pamwamba pa khomo anaika uta kapena anangogoneka chitsulo?" Anthu ankadabwa kuti mkulu wa khasu akufunsiranji zimenezo. Sindinawamvepo akudandaula. Koma ku Limbe sanafune kupitanso.

Supuniyo ili m'sutikesi yanga, yokulungidwa m'kansalu pamodzi ndi Baibulo la amayi. Tamanda, usakaitenge n'kutakasira tiyi.

Ndiye Limbani, tsiku lija ndinkafunafuna kamzere kaja. Khomalo analipaka utoto kambirimbiri, ngalande zake zinadzaza, ndipo ine sindinkakumbuka bwino ngodya yake. Koma pansi penipeni, pamene wopaka utoto anachita ulesi kuwerama, chala changa chinali chitangokagunda pamene iwe unandikoka mkono. Sindikukwiyira. Koma tikadzapitanso kukasintha magalasi, uvale buluku losaopa fumbi, chifukwa ukagwada ndiwe. Changa chala chayamba kunjenjemera, ndikabwereka chako.

Ndine agogo anu,
Esitere